Ulendo wa Kunyanja pa Njinga Yamoto: Katundu Achepe

Munthu akamanga ulendo wautali wa pa njinga yamoto wopita ku Mangochi, Monkey Bay ndi Cape Maclear, mantha ndi amene amayamba kumulongedzera chikwama. Amaopa mvula, amaopa njala, amaopa kugona panja, ndipo mantha aliwonse amaponyamo kanthu kake: mbaula, tenti, nsapato zina zapadera, chigubu cha mafuta, malaya a sabata yathunthu. Pofika m'mawa wonyamuka, kumbuyo kwa chishalo kwaima mulu wofika m'mapewa, njinga yatitimira isanachoke n'pakhomo pomwe. Ine ndikuti kulongedza kotereku n'kumene kumam'fikitsa munthu pa ngozi imene akuithawayo. Msewu wa kumwera kwa nyanja ya Malawi si chipululu. Uli ndi misika, amakanika, malo ogona ndi anthu paliponse. Chimene chimasowa ndi mthunzi wokwanira, chipatala chachikulu chapafupi, ndiponso nthaka yolimba mukangotsika pa phula. Choncho malo ochepa amene ali pa njinga apatsidwe poyamba zoteteza thupi, kenako zokonzera njinga, madzi ndi mapepala. China chilichonse chimene chimagulitsidwa pa Ulongwe kapena pa Mangochi boma chitsale kunyumba. Mfundoyi imamveka bwino tikautsata msewuwo chigawo ndi chigawo, chifukwa chigawo chilichonse chimayesa katundu mwa njira yakeyake.

Wochokera ku Blantyre kapena ku Zomba amatsika ndi msewu wa M3 n'kuwoloka Shire pa Liwonde, pa Kamuzu Barrage imene inamangidwa mu 1965 kuti izilamulira madzi otuluka m'nyanja. Kuchoka pamenepo kukafika ku Mangochi ndi makilomita pafupifupi 75, msewu wopanda zitunda wodutsa kumadzulo kwa nyanja ya Malombe, milambe ndi migwalangwa ikuchulukirachulukira. Msewuwu unakonzedwanso zaka zapitazi, ndipo kusalala kwake kumanyenga dzanja kuti liwonjezere moto. Komatu msewu womwewo ndi wa mbuzi, wa njinga zakapalasa zosenza makala, wa ana a sukulu, ndi wa maminibasi amene amaima pomwe munthu wakwezera dzanja. Wogwa ali pa liwiro la makilomita 60 pa ola amakhuluzika pa phula mtunda ndithu, ndipo zoyamba kufika pansi ndi zikhatho, mawondo, akakolo ndi mutu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lakhala likunena kuti chipewa chotetezera mutu chimachepetsa imfa ndi pafupifupi 42 pa 100 aliwonse, ndipo kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 69 pa 100. Chiwerengerochi n'cha helemeti yeniyeni yomangidwa lamba pansi pa chibwano, osati yongotsamiritsa pamutu kuti mudutse pa rodibuloko, kapena kachipewa ka pulasitiki ka amisiri omanga nyumba. Pamwamba pa helemeti pafunika magulovesi, jekete yolimba m'zigongono ndi m'mapewa, buluku lokhuthala ndi nsapato zobisa akakolo. Ngati ndalama za ulendo zili zochepa, ziyambire kuthera pamenepa, ndipo zonsezi sizidya malo pa keliyala popeza zili pathupi.

Wina anena kuti zovala zimenezo n'za ku Dedza, ku Mangochi munthu angapse nazo. Nkhawa imeneyi ndi yoona ndipo siyofunika kuipeputsa. Nyanja ili m'chigwa, pa mamita pafupifupi 475 okha kuchokera pa nyanja zamchere, ndipo mu Okutobala ndi Novembala masiku ena kutentha kumadutsa madigiri 35. Munthu wotenthedwa amaodzera ali pa njinga, maso amachedwa kuona, dzanja limachedwa kugwira buleki. Koma kuvula sikuthetsa vutoli. Dzuwa ndi mphepo yotentha zikamenya khungu losaphimba kwa maola angapo, madzi amatha m'thupi mwini wake osadziwa, chifukwa thukuta limauma lisanaoneke. Chothandiza ndi jekete ya mtundu wowala yokhala ndi timabowo tolowetsa mphepo, malaya amkati amene munganyowetse pa mjigo, ndiponso kusankha nthawi: kunyamuka kukangoyera, kupuma pansi pa mango dzuwa likafika paliwombo, kupitiriza litapendeka, n'kuima kusanade. Usiku msewu wa kunyanja umadzaza ndi oyenda pansi, ngolo ndi njinga zopanda nyali, ndipo palibe chovala chimene chingakuonetseni zimenezi. Madzi akumwa ndiwo katundu wolemera yekhayo amene ndingamuikire kumbuyo popanda kukayika. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo malita awiri kapena atatu akhale pomwe dzanja lingafike osamasula chingwe, pamodzi ndi timapaketi ta Thanzi ORS. Boma la Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri ndi kolera wa 2022 ndi 2023, choncho kabotolo ka mankhwala othira m'madzi n'kofunika kuposa malaya achisanu ndi chimodzi.

Pa Mangochi boma, pamene kale pankatchedwa Fort Johnston, wapaulendo amakumana ndi nsanja ya wotchi imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, ndiponso mlatho wa Bakili Muluzi wowoloka Shire. Pamenepa amakumananso ndi umboni wamphamvu wotsutsa zimene ndikunenazi: anyamata a kabaza. Iwo amasenza matumba a usipa, makireti a zakumwa, mbuzi yomangidwa miyendo, nthawi zina anthu atatu pa njinga imodzi, ndipo amafika. Nanga wapaulendo aoperenji chikwama chimodzi chowonjezera? Luso la anyamatawa ndi lenileni, koma ulendo wawo ndi wina. Wa kabaza amayenda mtunda waufupi pa msewu umene amaudziwa dzenje lililonse, ndipo katunduyo ndiye malipiro ake. Akamukana, kunyumba agona ndi njala. Mtengo wake amaulipiranso: masipoko othyoka, mashokapu ofooka, ndipo madokotala a mafupa m'zipatala zikuluzikulu za dziko lino akhala akudandaula za kuchuluka kwa ovulala pa njinga zamoto. Wapaulendo akuyenda mazana a makilomita pa msewu wachilendo, atatopa, ndipo palibe amene akumulipira pa kilogalamu iliyonse. Katundu womangidwa kumapeto kwenikweni kwa njinga amapeputsa tayala lakutsogolo, pomwe tayala limenelo ndilo lowongolera ndiponso limene limagwira ntchito yaikulu poima. Katundu wosanjikidwa m'mwamba amaikoka njinga pokhota. Njinga zing'onozing'ono za 125cc kapena 150cc, zimene ndizo zofala kuno, zinapangidwa kuti zinyamule makilogalamu pafupifupi 150 kuphatikizapo woyendetsa. Kwa munthu woyenda yekha, ndikuona kuti katundu wa makilogalamu 15, madzi ndi zitsulo zili momwemo, ndi wokwanira.

Kamangidwe kake nakonso n'kofunika ngati kulemerako. Zolemera, monga masipanala, chubu chapadera ndi madzi, zikhale pansi m'zikwama ziwiri zolendewera mbali ino ndi mbali inayo, zolemera mofanana. Zovala zilowe m'jumbo yokhuthala, jumboyo ilowe m'chikwama chofewa, ndipo chikwamacho chigone chopingasa pa mpando wa wokwezedwa, chitagunda msana wa woyendetsa. Chikwama chakumsana chikhale chopepuka, chifukwa cholemera chimatopetsa mapewa ndipo pogwa chimapinda msana. Pomangira palibe choposa malegeni odulidwa ku chubu chakale, amene amapezeka pa msika uliwonse pa mtengo wochepa. Legeni limakokedwa mpaka litawonda, limadutsa pansi pa chitsulo cha keliyala, limabwerera pamwamba mopingasana ndi linzake, ndipo nsonga yake imalowetsedwa kunsi kwa mkombero womaliza kuti idzitsine yokha. Likaduka mumangolumikiza ndi mfundo. Mukatha, gwirani katunduyo n'kumugwedeza: njinga yonse igwedezeke naye pamodzi. Akagwedezeka yekha, masulani muyambirenso. Pasatsale nsonga yolendewera imene ingakodwe mu tcheni kapena m'masipoko, ndipo chikwama cha mbali ya ekizozi chitalikirane ndi chitsulo chotenthacho. Mukayenda makilomita 20 oyamba, imani muonenso, chifukwa katundu amakhazikika ndipo zingwe zimakhwefuka.

Tsidya lija la mlatho wa Bakili Muluzi ndi kumene zitsulo zokonzera njinga zimaonetsa ntchito yake. Msewu wa M3 umakwera phiri mokhotakhota kupita ku Namwera ndi ku Chiponde, pa malire ndi Mozambique, kumene tsidya lake ndi Mandimba. Wina umatsata gombe la kum'mawa kudutsa Malindi kulowera ku Makanjira, msewu umene anthu a kumeneko akhala akuudandaula kwa zaka zambiri, makamaka nthawi ya dzinja. Kumeneku vuto lofala si injini kufa ayi, koma tayala kuphwa, tcheni kukhwefuka, pulagi kuda, kapena kebulo ya kilatchi kuduka. Zofunika ndi zochepa ndipo zimakwana m'kathumba kamodzi: chubu, zigamba ndi guluu wake, pampu yaing'ono, zitsulo ziwiri zochotsera tayala, masipanala okwana pa manati a njinga yanuyo, pulayasi, sikuludiraiva, pulagi, kebulo, cholumikizira tcheni ndi kawaya. Kunyamula chitsulo chimene simunachigwiritsepo ntchito n'kunyamula mwala, choncho yesani kuchotsa tayala lakumbuyo muli pakhomo panu. Alendo ochokera kunja amene amadutsa kuno pa ulendo wa pakati pa Cairo ndi Cape Town amabwera ndi njinga zikuluzikulu za BMW kapena KTM zokhala ndi mabokosi achitsulo, ndipo wina angati kudzidalira kwenikweni n'kumeneko. Iwo ali ndi chifukwa chawo: akudutsa mayiko ambiri kwa miyezi yambiri, ndipo sipeya ya njinga zawo sipezeka pa Namwera. Njinga yoposa makilogalamu 250 ikagwa mumchenga imafuna anthu awiri kapena atatu kuti idzuke. Wa Lifan, wa Boxer kapena wa TVS ali ndi mwayi umene iwo alibe: makanika wa pansi pa mtengo amaidziwa njinga yake, ndipo chubu chake chimapachikidwa m'kagolosale. Amene wasankha njinga imene dera limaidziwa wachepetsa kale katundu wake ndi theka.

Nkhani ya mafuta ndi yovutirapo, ndipo pamenepa wotsutsa ali ndi mfundo. Kuyambira mu 2022 Amalawi aona mobwerezabwereza mizere italiitali pa malo omwetsera mafuta, ndipo amene anagonapo pa mzere sangakhulupirire kuti akawapeza kutsogolo. Komabe tiwerengere. Njinga yaing'ono imayenda makilomita 35 kapena 40 pa lita imodzi, ndipo thanki ya malita 10 kapena 12 imadutsa makilomita 300 mosavuta. Kuchoka ku Mangochi kupita ku Cape Maclear n'kubwerako sikufika makilomita 200. Mwambo wodzaza thanki paliponse pamene mwapeza mafuta, ngakhale ili pa theka, umateteza kuposa chigubu cha malita 20 chomangidwa kumbuyo, chimene chimakhavukira uku ndi uku pokhota ndipo chimafufuma padzuwa chili pafupi ndi ekizozi. Wopita kutali ndi misewu ikuluikulu angatenge malita awiri kapena atatu m'chotengera chopangidwira petulo. Mafuta a m'mabotolo ogulitsidwa m'mbali mwa msewu apulumutsa ambiri, koma athiridwe kudzera pa kansalu koyera, chifukwa fumbi ndi madzi zimatseka kabureta.

Kuchoka pa Mangochi boma kulowera kumpoto, msewu umadutsa pafupi ndi Nkopola, Makawa ndi mahotela a m'mbali mwa nyanja, makilomita oposa 60 kukafika ku Monkey Bay, kwawo kwa sitima ya Ilala imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. M'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mwera umawomba kuchokera kumwera chakum'mawa, ndipo mphepo imene imabweza asodzi kumtunda imakankhanso njinga yokhala ndi mulu wautali kumbuyo. Musanafike ku Monkey Bay pali mphambano yolowera ku Cape Maclear, makilomita pafupifupi 18 okwera ndi kutsika pakati pa mapiri a miyala a Lake Malawi National Park, nkhalango imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake za mbuna. Msewu umathera m'mudzi wa Chembe, ndipo tinjira ta m'mudzimo ndi mchenga. Mumchenga tayala lakutsogolo limafuna kudziyendera lokha, mwendo umatsika pansi kawirikawiri, ndipo kilogalamu iliyonse yosafunika imamveka m'ntchafu. Mchenga womwewo ukasakanikirana ndi oyilo wa pa tcheni umadya tcheni ndi magiya ake mwakachetechete. Kamswachi kakale ndi kabotolo ka oyilo, zimene sizilemera n'komwe, zimasunga tcheni ngati munthu aitsuka madzulo aliwonse.

Pa Cape Maclear m'pamenenso funso la tenti limayankhidwa. Malo ogona alipo a mitengo yosiyanasiyana kuyambira ku Mangochi mpaka ku Chembe, ndipo tenti, matiresi, mbaula ndi mapoto pamodzi zimalemera kuposa katundu wina yense. Wokonda kugona panja angatenge katenti kakang'ono, koma asadzinamize kuti akupulumutsa ndalama zambiri, ndipo asadzivutitse ndi kuphika pa gombe pamene nsima ya chambo, kampango wootcha ndi tchipisi cha pa chiwaya zili pafupi. Chimene sichiyenera kutsala ndi masikito. Amishoni a Livingstonia anakhazikika pa gombe lomweli mu 1875, malo amene David Livingstone anawatcha dzina la mnzake Thomas Maclear, koma pofika 1881 anasamukira ku Bandawe, malungo atawapha ena mwa iwo, ndipo manda awo alipobe. Udzudzu wa nthawi imeneyo sunasamuke. Neti yonyikidwa m'mankhwala imapindika n'kukwana m'jumbo yaing'ono, ndipo si chipinda chilichonse chimene neti yake ilibe zibowo. Wosambira m'madzi osayenda a pafupi ndi mudzi akumbukirenso likodzo, ndipo akabwerera kwawo akayezetse kuchipatala. Kathumba ka mankhwala kasakule: bandeji, mankhwala otsukira bala, panado, ndi mankhwala amene munthu amamwa tsiku ndi tsiku.

Zovala zosinthira ziwiri kapena zitatu zimakwana, chifukwa kunyanja malaya ochapidwa madzulo amauma usiku womwewo. Chitenje chimodzi chimagwira ntchito ya thaulo, chofunda, mthunzi ndi chophimba chishalo padzuwa. Chimathandizanso pa ulemu. Dera la Mangochi lili ndi Ayao ambiri ndi Asilamu ambiri, ndipo chovala cha pa gombe la hotela si cholowa nacho mumsika kapena chodutsa nacho pa mzikiti Lachisanu. Mapepala, monga laisensi, inshuwalansi ndi umboni wa umwini wa njinga, akhale m'kapulasitiki m'thumba la jekete, osati pansi pa chikwama chimene muyenera kumasula pa rodibuloko iliyonse; wofuna kuwolokera ku Mandimba awonjezere pasipoti ndi mapepala otulutsira njinga kunja. Ndalama zigawidwe: zina m'thumba, zina pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo foni ikhale ndi batire yapadera chifukwa magetsi amathimathima. Pali chifukwa chinanso chimene chimandichititsa kuumirira kuti zina zonse zigulidwe m'njira. Wonyamula zonse kuchokera kutauni amadutsa m'midzi ya kunyanja osasiyamo kanthu kupatula fumbi. Wogula nthochi pa Ulongwe, wopopetsa tayala pa Makawa, wodya m'kalesitilanti pa Monkey Bay, amasiya ndalama m'manja mwa eni dera, ndipo iwo amamuuza zimene mapu a pa foni sanena: mlatho umene wakokoloka, malo amene mafuta afika lero, njira imene yadzaza matope. Safunsa anadya phula, ndipo wosaima pena paliponse alibe womufunsa.

Wobwerera ku Lilongwe amatembenukira kumadzulo kupita ku Golomoti, pafupi ndi Mua kumene ansembe a White Fathers anatsegula mishoni mu 1902, kenako n'kukwera msewu wa Khwekhwelere wopita ku Masasa pa M1. Pa mtunda waufupi njinga imakwera mamita pafupifupi 1,000, makona akuthwa motsatizana, injini yaing'ono ikulira pa giya yachiwiri. Wotsika ndi msewu womwewu ndiye amadalira mabuleki ndi giya, ndipo njinga yolemedwa imatenthetsa mabuleki msanga. Pamwamba pake mphepo ya ku Dedza imazizira, ndipo jekete imene inkaoneka yolemetsa ku Nkopola imakhala yofunika. Chovala cha mvula chopepuka chovalidwa pamwamba pake chimatchinga mphepo ndi mvula yomwe. Komanso palibe Mmalawi amene amachoka kunyanja chimanjamanja. Kunyumba akudikira usipa, utaka kapena chambo chowamba, ndipo amene ananyamuka atadzaza kale adzasanjika nsombazo pamwamba pa mulu, malo oipitsitsa, tsiku limene akukwera phiri. Choncho inu amene mukukonza ulendowu, yalani katundu yense pamkeka usiku woti mawa munyamuka, mumuyeze pa sikelo, muchotse chilichonse chimene mungagule m'njira, ndipo chikwama chimodzi chinyamuke chili ndi malo. Helemeti, magulovesi, nsapato, madzi, chubu ndi neti musazichotse.